Kadontho Kuseri kwa Nthiti

Nkhani ya sikirini inafika kupolisi Lachiwiri m'mawa, ndipo Sajeni atangomva kuti yachitikira kuchipatala chiti, anasiya tiyi wake pawindo n'kukagogoda ku ofesi ya abwana. Sanazungulire ngati masiku onse. Anangoti nkhaniyo amupatse iyeyo. Abwana anamuyang'ana nthawi yaitali, chifukwa pasiteshoni panalibe amene sankadziwa kuti alamu ake a Sajeni anaikidwa m'manda masabata atatu okha apitawo, ndiponso kuti kubanja kwawo ankaloza chala dokotala wa pachipatala chomwecho. Koma apolisi ena onse anali atathamangira ku ngozi ya basi, ndiye abwana anangokankha fayilo ija n'kumuchenjeza kuti asakawachititse manyazi.

Kuti mumvetse bwino, alamu akewo anali oyendetsa lole, munthu wanthabwala zosatha, woti Sajeni akalowa m'nyumba ankaimirira n'kumuchitira saluti ndi supuni. Miyezi isanu ndi iwiri yapitayo anayamba kutsokomola. Akazi awo, asisi ake a Sajeni, ndi amene amayang'anira ukhondo pachipatalapo, ndiye anawakokera okha ku ekisireyi, bambowo akukana kuti ndi fumbi chabe la mumsewu. Chithunzi cha m'chifuwa anachiwerenga adokotala ena aatali, a imvi, amene anthu amangowatcha a Chete chifukwa mawu awo patsiku mutha kuwawerenga ndi zala. Ena amati ngakhale akazi awo anathawa chete yemweyo, kaya n'zoona. A Chete analemba kuti m'chifuwa mulibe kanthu. Alamu anabwerera kunyumba akuimba mluzu, n'kumaseka akazi awo kuti amakonda kudwalitsa anthu abwinobwino. Patatha miyezi isanu anayamba kulavula magazi. Madokotala a chipatala chachikulu atatsegula chithunzi chakale chija anapukusa mitu, akuti khansayo inalimo kale, ndipo ikuoneka.

Chichitikire maliro asisi sanapitenso kuntchito. Anakhala m'nyumba n'kulemba kalata ya masamba anayi yodandaula ku bungwe la madokotala, yoti a Chete awalande chiphaso, ndipo anali atakonza zokaipereka okha Lachitatu. Sajeni ndiye anawathandiza kuikonza. Tsopano kwabwera nkhani yoti sikirini yodula yowerengerapo zithunzi ya m'chipinda cha a Chete inabedwa kalekale, wina n'kuikapo ina wamba. Tisabisane, Sajeni ankafuna wakubayo akhale iwowo. Ankafuna awamange ndi manja ake dzuwa lisanalowe, kenako akauze asisi ake kuti munthu uja wagona m'chitokosi, mwina asisiwo n'kudyako kanthu.

*

Chipinda chowerengeramo zithunzi chinali kumapeto kwa khonde lalitali, chopanda windo, makoma ake akuda. M'menemo anapezamo amene anatulukira nkhaniyo, bambo wamfupi wa kukampani yogulitsa makina, thukuta lili kamukamu. Pachipatalapo amawatcha a Mawaya. Iwowa kulankhula sapumira. Sajeni asanatsegule n'komwe kabuku kake, anali atamuuza kale kuti sikirini yeniyeni anaiika ndi manja awo Lachisanu lina, miyezi isanu ndi itatu yapitayo, anaiyesa, anakhoma chitseko n'kukasiya kiyi ku ofesi. Ankayenera kubwera kudzaiyendera pakatha miyezi itatu koma palibe anawaitana, ndipo dzulo atalowa anangotsala pang'ono kugwa.

Patebulo panali chisikirini chachikulu, chopyapyala, chonyezimira ngati galasi la mu saluni. Sajeni anati kwa iye chikuoneka chabwino, kuposa TV ya kwawo.

"Eya, mayi, ndiye vuto lake limenelo," anatero a Mawaya. "Choonera mpira n'chabwino zedi. Koma mapapo a munthu si mpira."

Anafotokoza kuti sikirini ya chipinda ngati chimenechi sasankha poona kukula kapena kukongola. Amaona ngati imatha kusiyanitsa chakuda ndi chakuda pang'ono, chotuwa ndi chotuwirako, chifukwa matenda amabisala pakati pamenepo. Amaona ngati kuwala kwake sikusintha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, komanso ngati siinyezimira moti dokotala n'kumaona nkhope yake m'malo mwa nthiti za wodwala. Tsiku losankha, akuti, anabweretsa zitatu. Anthu onse a mu ofesi analoza yaikulu ya mitundu, yoti alendo akabwera azigoma. A Chete anangotulutsa chithunzi chakale cha wodwala amene ankamudziwa matenda ake, kuchiika pa iliyonse, kuyang'anitsitsa, kenako n'kugwira yonyansa kuposa zonse n'kunena mawu amodzi okha, akuti iyi. Inali yaing'onopo, yonenepa kumbuyo, yolemera ngati mwana wa zaka zitatu, yosaonetsa china koma zakuda, zoyera ndi zotuwa.

A Mawaya anali atabweretsa ina yonga yomweyo m'galimoto, ndiye anaiika pambali pa chachikulucho n'kutsegula timabokosi toyesera, toyambira kwakuda bii mpaka koyera mbee. Anauza Sajeni awerenge. Pa chachikulu anawerenga khumi basi, takudato titangogwirana ngati chigamba chimodzi. Pa yonenepayo anafika makumi awiri.

Kenako Sajeni anatchula nambala ya khadi la alamu ake. Ankaidziwa pamtima, paja ndiye ankayenda nalo khadilo masiku otsiriza aja. Chithunzi chinatuluka pa masikirini onse awiri nthawi imodzi. Pa chachikulu panali nthiti, mtima ndi mdima basi. Pa inayo, kuseri kwa nthiti yachinayi, kunali kadontho kotuwa, kakang'ono kuposa chikhadabo cha chala chaching'ono. Sajeni, munthu woti sanaphunzirepo za udokotala ngakhale tsiku limodzi, anakaona yekha asanalozeredwe.

A Mawaya anafunsa ngati wodwalayo akumudziwa. Sajeni anangozungulira kuseri kwa tebulo kuti asaonedwe nkhope. Kumeneko anapeza kuti mawaya a chisikirini chachikulucho anamangidwa bwinobwino malo atatu ndi timizere ta bandeji, mfundo zake zofanana ngati za pa mphatso. A Mawaya analumbira kuti si iwo, iwo amamanga ndi tapulasitiki.

"Zaka makumi awiri ndili pa ntchito iyi," anatero, "sindinaonepo wakuba wokonza mawaya akamachoka."

*

A Chete anali atawaimitsa ntchito dzulo lake, komabe anabwera, n'kukhala pabenchi ya odwala ngati nawonso akudikira kuitanidwa. Sajeni sanawapatse moni. Anawafunsa komwe anali Lachisanu lija ndi masiku otsatira. Anayankha pang'onopang'ono kuti anali pa tchuthi cha masabata awiri, akudwazika amayi awo kutali, ndipo anatulutsa m'chikwama chiphaso cha wodwazika chokhala ndi madeti ndi chidindo. Anali atachikonzeratu. Izi zinamupsetsa mtima Sajeni, chifukwa m'maganizo ake munthu wosalakwa sayenda ndi umboni m'thumba.

Anawafunsa ngati atabwerera sanaone kuti sikiriniyo si imene anasankha.

"Ndinaona tsiku lomwelo, mwanangu."

"Ndiye?"

Anati analemba kalata ku ofesi ya chipatala. Abwana a mu ofesi anawayankha pakhonde, akuyenda, kuti zimene zinabwera ndi zomwezo, ndipo aziyamika chifukwa kwina anzawo amawerengera zithunzi pa foni. Analembanso kachiwiri. Kenako anayang'ana mzere wa odwala, wofika mpaka panja, n'kukhala pansi kuyamba kuwerenga. Ankazimitsa magetsi onse, kuyandikira mpaka mphuno kugunda galasi, chithunzi chilichonse kuchibwereza kawiri.

Sajeni anawauza kuti pamzere umenewo panali alamu ake. Ankayembekezera kuti adzidzimuka, koma anangogwedeza mutu. Ankadziwa. Anati kumaliro anafika, anaima kumsewu, kulowa kunawakanika.

"Pa inayo mukanakaona kadonthoko?"

"Ndikanakaona. Zoti akanachira, sindingalumbire. Koma ndikanakaona." Anayang'ana manja awo. "Sikirini sindinabe. Koma ndinkadziwa kuti ndi yakhungu, ndipo ndinawerengerapo anthu mazana asanu ndi limodzi. Ngati pali mlandu wa zimenezo, lembani, ndisayina."

Nthawi yonseyi Sajeni anali atagwira unyolo m'thumba. Anausiya momwemo, osati chifukwa cha chifundo ayi, kungoti madeti a pachiphaso chija anali osatsutsika.

*

Abwana a mu ofesi anamulandira ndi manja awiri, mafoni atatu ali ndandanda patebulo, fungo la perefyumu lili guu. Iwowa funso lililonse amaliyankha ndi komiti. Za sikirini inalipo komiti, za kuitana a Mawaya inaliponso ina, imene sinakumane chifukwa wapampando wake anasamutsidwa. Loweruka lotsatira Lachisanu lija anali kumsonkhano kuhotela, ndipo anamuonetsa Sajeni zithunzi, osati ziwiri kapena zitatu, mpaka za mbale zawo za chakudya. Makiyi a chipindacho, anati, ndi awiri okha, wina ali m'dirowa mwawo, wina ndi wa adokotala. Munthu akhoza kukhala kutali kiyi wake n'kumagwira ntchito, anatero akutsinzinira diso limodzi.

Za makalata anati sanaonepo. Sajeni anawapempha atsegule dirowayo kuti aone kiyi. Kiyi analimodi. Pansi pake panali paketi ya mabisiketi, ndipo pansi pa mabisiketiwo panali makalata awiri, yachiwiri yosatsegula n'komwe. Abwanawo anayamba kudzikanda m'khosi, kenako anavomera kuti m'chipinda chamdimacho sanalowemo chiyambire, mdima umawapweteketsa mutu. Iwo anangoona katoni n'kusayina. Pomuperekeza anamufunsa monong'ona ngati dzina la ofesi yawo lingathe kusalembedwa mu lipoti. Sajeni anatuluka atatsimikiza kuti bamboyu ndi waulesi woti n'kumuwaza khofi, koma kunyamula sikirini, ngakhale yobedwa, sangayerekeze.

*

Pageti pamakhala amayi ena ojintcha amene amasecha aliyense, ngakhale abusa obwera kudzapempherera odwala. Atamva funso la Sajeni anakhumudwa ngati wawatukwanira makolo. Anamuwerengera zimene anagwirapo pa zaka khumi: mabulangete, mababu, namwino wina amene anadzimanga magulovu m'chiuno n'kumanamizira pakati, ndi bambo wina amene ankatuluka ndi chitsulo chokolekapo diripi akuti ndi ndodo yake. Anamuuzanso, osafunsidwa, kuti ku labu akuyenda ndi ndani ndani. Koma chinthu chachikulu ngati sikirini, anati, pageti pawo sichinadutsepo, ndipo mnzawo wosinthana naye ndi mwana wa achimwene awo, amawaopa kuposa Mulungu.

"Ngati sinamere mapiko, ili mommuno."

Sajeni atatembenuka kuti azipita, amayiwo anamukoka malaya. Akuti akumbukira. Loweruka lina m'mawa anaona a Chikuku, bambo wokankha odwala, akudutsa kuseri kochapira zovala ndi wodwala wofunda bulangete mutu womwe. Chimene chinawaseketsa n'chakuti wodwalayo mutu wake unali wa makona anayi.

"Ndinawafunsa kuti kodi matenda amenewo ndi atsopano? Anangowonjezera liwiro."

*

A Chikuku anawapeza akupopa tayala la chikuku chawo kuseri kwa wodi ya amuna. Ndi bambo wofatsa, wotsimphina pang'ono, woti akaona yunifomu amavula chipewa ngakhale sanalakwe. Sajeni anali atakonzeka kuwaopseza, koma sizinafunike. Atangotchula sikirini, nkhope yawo inamasuka.

"Oo, yakufa ija? Ilipo, bwana. Palibe anaikhudza."

Anamutsogolera kuchipinda chosungiramo zowonongeka, akufotokoza m'njira ngati nkhani wamba. Pachipatalapo, anati, Loweruka lililonse a zaukhondo amayendera zipinda zonse, ndipo ali ndi kiyi wawo wa chitseko chilichonse, wokoleka pa msomali. A mu ofesi mwina anaiwala. Chilichonse chimene chapezeka chakufa amachimata pulasitala, kulembapo vuto lake ndi deti, n'kuchichotsa tsiku lomwelo kuti Lolemba madokotala asapunthwe nacho. Loweruka limenelo anapeza sikirini yatsopano itasiyidwa yoyaka. Chizindikiro cha chipatala, chija chobiriwira ndi chofiira, chinkaoneka chotuwa ngati phulusa. Anazimitsa, kuyatsanso, kuimenya pang'ono m'mbali monga timachitira ndi TV, koma mitundu osabwera. Ndiye anakatenga ya m'chipinda cha maphunziro, chimene chinatsekedwa denga litayamba kudontha, n'kuilumikiza. Mitundu itatuluka anaomba m'manja. Analumbiritsana kuti asauze munthu, chifukwa analibe chilolezo chotenga ya maphunziroyo.

Sajeni anafunsa kuti analumbiritsana ndi ndani. A Chikuku anamuyang'ana modabwa, kenako anamuyang'ananso nkhope bwinobwino, n'kutsitsa maso. Anati kiyi akuvuta, ndipo analimbana ndi loko nthawi yaitali kuposa mmene zinkafunikira.

M'katimo munali mabedi othyoka miyendo, masikelo, zitsulo za diripi, chilichonse ndi kapulasitala kake. Sikirini inali pakona, pamwamba pa matiresi kuti isamve chinyezi, itafunditsidwa nsalu yopindidwa bwino. Sajeni anavundukula. Pa pulasitala panalembedwa kuti, "Yowonongeka. Sikuonetsa mitundu," ndi deti. Zilembo zake zinali zozungulira, zopendekera kumanzere. Sabata yatha Sajeni anali atawerenga masamba anayi a zilembo zomwezo, akukonza mawu.

"Amayi ankangofuna kuti adokotala akabwera apeze chabwino," anatero a Chikuku kumbuyo kwake. "Mukawauza kuti ndaulula, bwana, muwauze kuti mwachita kundikakamiza."

*

A Mawaya ataitanidwa anailumikiza, ndipo inayaka ngati yangochoka m'katoni, timabokosi tonse makumi awiri. Pamene iwo anali kalikiliki kuisisita ndi kuilankhula ngati mwana wotayika wapezeka, Sajeni anamatula pulasitala ija n'kuiponya m'thumba.

Zinali zosavuta. Akanangolemba kuti katundu wapezeka, wakuba palibe, amene anasuntha sakudziwika. A Chikuku akanatseka pakamwa mpaka kumanda. Koma wosadziwika ameneyo abwana a mu ofesi akanamupatsa dzina tsiku lisanathe, ndipo dzinalo likanakhala la a Chete, kalata ya asisi n'kudzamalizitsa Lachitatu. Potuluka anawapeza madalawo akadali pabenchi paja. Anawauza azipita kunyumba. Iwo anafunsa ngati wamupeza munthuyo, Sajeni n'kuyankha kuti sanamupeze, ndipo anayenda mofulumira asanafunsenso. M'minibasi anapitirira siteji yake osadziwa, mpaka kondakitala anachita kumugwedeza phewa n'kumufunsa ngati boma likupita nawo kugaraja.

*

Kwa asisi anafika masana, ana asanaweruke. Anawapeza kuchipinda, atakhala pansi, akupinda malaya a amuna awo n'kumaika m'makatoni. Anali ataonda moti mphete anaikulunga ulusi kuti isavuke. Patebulo panali envulopu ya kalata ija, pansi pa tebulolo nsapato zawo zabwino, zopolisha kale.

Nkhani inali itawafika, paja chipatala sichisunga chinsinsi. Wina anawaimbira kuti a Chete awaimitsa ntchito, akuti anaba makina. Makina ati, sanafunse. M'maso mwawo munali moyo koyamba chichitikire maliro. Anamukhazika Sajeni pabedi n'kufunsa ngati wamumanga munthuyo. Sajeni anati ayi, sanafike pamenepo. Asisi anati zilibe kanthu, mawa kalata ikagwira ntchito yake.

Ndiyeno, asanafunsidwe chilichonse, anayamba okha. Anati chimene chimawawawa kwambiri n'chakuti munthu ameneyo ankamulemekeza ngati bambo awo. Pamene ankayamba ntchito yokolopa, dokotala yekhayo amene ankapepesa akaponda ponyowa anali iyeyo. Ndipo pali chinthu china chimene sanauzepo munthu, ngakhale malemu. Anafotokoza za Loweruka lija, zonse, chizindikiro chotuwa, chikuku, bulangete, mpaka mmene amayi a pageti anafunsira za matenda atsopano. Pamenepo anaseka, kuseka kwenikweni.

"Ndinachita kumanga mawaya ndi manja angawa, kuti asamakodwe miyendo. Ndinamupatsa maso atsopano, iwe. Iye n'kulephera kuona mwamuna wanga."

"Asisi, kalatayi musakapereke."

Anasiya kupinda. Anafunsa chifukwa chake. Sajeni anati asakapereke basi, amukhulupirire. Asisi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kufunsa ngati ndi yunifomu imene yamusintha, kapena madala aja amugwetsera timisozi tiwiri iye n'kufewa. Anamukumbutsa amene anamulera amayi atamwalira, amene ankamuluka tsitsi popita kusukulu, ndi alamu amene anamunyamula pa lole, iye ndi sutikesi yake, tsiku lopita ku maphunziro a upolisi. Anati ngati akuopa akhale, apita okha.

Sajeni anatulutsa pulasitala ija. Inali itapindika, itamata ubweya wa m'thumba. Anaiwongola n'kuiika pa bondo la asisi ake.

"Sinali yowonongeka, asisi. Amazipanga choncho dala. Yosaonetsa mitunduyo ndi imene imaona matenda."

Asisi anawerenga zilembo zawo zomwe ngati zalembedwa m'chilankhulo china. Panja wina ankatsuka mbale, wailesi ya aneba ikunena za mpira. Anafunsa ngati makina obedwa aja ndi amenewo. Sajeni anagwedeza mutu. Anafunsanso ngati chithunzi cha bambo a ana anachiwerengera pa chachikulu chija. Anagwedezanso.

"Nanga pa inayo? Chikuoneka?"

Apa Sajeni akanatha kunama. Mawu anali atafika kale pamlomo, oti ngakhale pa inayo n'kovuta, oti madokotala nawonso sakugwirizana. Koma amenewa ndi amene anamulera, bodza lake amalidziwa lisanatuluke.

"Chikuoneka."

"Waona wekha?"

"Ndaona ndekha."

Asisi anatenga malaya amene anali atapinda kale, kuwatambasula, kuwapindanso. Manja okha ndiwo ankagwira ntchito. Anafunsa kuti ndi anthu angati ena amene anawerengedwa pamenepo, ndipo atamva nambala anatseka maso. Patapita nthawi anati kalatayo aichotse patebulopo, asaionenso. Kenako, ndi mawu abata ngati akutuma mwana kugolosale, anamuuza kuti mawa abwere ndi galimoto ya kupolisi, koma ana atapita kale kusukulu, ndipo aiimike pakona, osati pakhomo.

Sajeni anagwada n'kuwagwira manja. Anawauza kuti palibe amene awamange. Palibe chimene chinabedwa, palibe lamulo limene anaswa loti munthu n'kulowa nalo m'chitokosi, mwina kalata yochenjeza ya kuntchito, basi. Iye ankaganiza kuti akuwatonthoza.

"Ndiye ndipite kuti, mng'ono wanga?" anafunsa asisi. "Ngati sundimanga, ndipite kuti?"

Geti linalira, kenako timapazi, ana awiri akukangana za amene wafika poyamba. Asisi anapukuta nkhope ndi malaya aja, anadzuka pogwira khoma, n'kutuluka. Sajeni anawamva pabalaza akufunsa ndi mawu a masiku onse kuti kusukulu kunali bwanji, ndipo wataya sokosi ndi ndani. Iye anatsala chogwada pomwepo pakati pa makatoni, mpaka wamng'ono anasuzumira pakhomo n'kufunsa kuti kodi amayi aang'ono akufuna chiyani pansi pa bedi.